Mafizo a m'chiuno kwa amayi: thandizo labwino, koma ayambe akupimani

Mayi akamadontha mkodzo potsokomola, kapena akamamva kuwawa pokhala malo amodzi ndi bambo, malangizo amene amalandira amakhala amodzimodzi: "Muzifinya kumusiko." Amawamva kusikelo, amawamva kwa anzake, amawaonanso pa WhatsApp ndi pa Facebook. Malangizowa amathandiza amayi ena, ena sawathandiza n'pang'ono pomwe, ndipo alipo amene amawawonjezera ululu. N'chifukwa chake taunika thandizo la mafizo a m'chiuno, lija mayi amakaonana ndi katswiri wa mafizo, n'kupimidwa, n'kupatsidwa ndondomeko yakeyake. Maganizo athu tinene pachiyambi pomwe: ndi thandizo loyenera nthawi yanu ndi ndalama yanu ya thiransipoti, koma phindu lake lagona pa kupima. Ngati angokupatsani pepala la zithunzi osakupimani, thandizoli simunalandire.

Minofu imene tikunenayi ili pansi penipeni pa chiuno. Yayala kuchokera pa fupa la pachinena kukafika pa kafupa kakumapeto kwa msana, komanso pakati pa mafupa awiri amene timakhalira. Madokotala amaitcha levator ani. Pamwamba pake pakhala chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo la chimbudzi, ndipo njira zitatu zimadutsa mmenemo: ya mkodzo, yoberekera ndi ya chimbudzi. Imagwira ntchito ngati mbereko. Ikakhwefuka mwana amatsetsereka. Ikathinitsa mwana amalira, mayinso amasowa mpweya. Amayi a minofu yokhwefuka amadontha mkodzo, amalephera kugwira mpweya woipa, kapena amamva chinthu chikutsika kumaliseche. Amayi a minofu yothina amamva ululu, amadzimbidwa, mkodzo umachedwa kuyamba. Chovuta n'chakuti zizindikiro zimatha kusakanikirana: minofu yokhala yokungika tsiku lonse imatopa, ndiye mwini wake amadonthanso mkodzo. Mayi wotereyu mukamuuza kuti azifinya katatu patsiku, mwamuwonjezera vuto.

Ulendo woyamba

Kumene akuchita bwino, ulendo woyamba umatenga mphindi 45 mpaka ola, ndipo theka la nthawiyo ndi mafunso. Mwabereka kangati, ana anali olemera bwanji, matenda anatenga nthawi yaitali bwanji, anakuwonjezerani njira kapena munang'ambika, anakusokani motani. Mumakodza kangati usana ndi usiku. Mumachima pochita chimbudzi? Muli ndi chifuwa chosatha? Ululu uli pakhomo penipeni kapena mkati? Umabwera nthawi yosamba yokha kapena nthawi zonse? Mafunso ena amachititsa manyazi, koma katswiri amene sakufunsa za chimbudzi ndi za kuchipinda wasiya theka la nkhani.

Chinthu chimene timachiyamikira kwambiri, chosalira ndalama, ndi kaundula wa mkodzo wa masiku 3. Mumalemba nthawi imene mwamwa, chimene mwamwa ndi kuchuluka kwake, nthawi imene mwakodza, kuchuluka kwa mkodzo, ndi zimene mumachita pamene unadontha. Poyezera dulani botolo la pulasitiki, lembani mizere ya mamililita 100, 200, 300 mpaka 500. Munthu wamkulu amakodza maulendo 6 mpaka 8 patsiku, usiku kamodzi kapena osadzuka n'komwe, ndipo chikhodzodzo chimasunga mamililita 400 mpaka 600. Mayi amene kaundula wake akuonetsa maulendo 14 a mamililita 80 aliwonse ali ndi vuto losiyana ndi mnzake amene amakodza maulendo 6 koma amanyowa akamasenza ndowa. Thandizo lawo silingafanane.

Kenako kupima. Ayenera kukufotokozerani zimene achite ndi kukupemphani chilolezo, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti namwino wamkazi kapena m'bale wanu akhalepo, ngakhalenso kunena kuti lero ayi. Mumagona chagada, mawondo opinda, chitenje chitafunda. Amayamba wayang'ana kunja: chipsera cha pamene anasoka, khungu, ndi zimene zimachitika mukatsokomola. Akati finyani, malo a pakati pa njira yoberekera ndi ya chimbudzi ayenera kulowa mkati n'kukwera. Akatumphukira kunja ndiye kuti mukukankha. Ngati vuto ndi ululu, amakhudza pakhomo ndi kathonje kakumtengo kuti apeze malo enieni owawa. Akatero amalowetsa chala chimodzi chovala golovesi ndi mafuta oterera. Chitsulo chija chopimira khomo la chiberekero nthawi zambiri sichifunika apa, ndipo amayi ambiri amapepukidwa mtima akamva zimenezi.

Mphamvu amaipatsa nambala pa sikelo yotchedwa Oxford, kuyambira 0 mpaka 5. Pa 0 palibe chikumveka, pa 1 minofu imangonjenjemera, pa 2 imafinya mofooka osakwera, pa 3 imafinya n'kukweza chala pang'ono, pa 4 imakweza ngakhale iye akukaniza, pa 5 imagwira chala mwamphamvu n'kuchikokera mkati. Amawerenganso masekondi amene mungagwire mphamvu isanathe, mpaka 10, maulendo amene mungabwereze, ndi kufinya kofulumira kumene mungakwanitse. Njira yoyezera motere inakonzedwa ndi katswiri wa mafizo wa ku Britain, Jo Laycock. Pomaliza, ndipo apa m'pamene pamaonekera waluso, amamvetsera ngati minofu ikumasuka yonse mukasiya kufinya, n'kufufuza timalo touma towawa m'mbali, kuphatikizapo mnofu wa chiuno wotchedwa obturator internus umene umatumiza ululu m'matako ndi m'ntchafu.

Bwanji osangophunzira pakamwa? Kafukufuku wa ku America wa mu 1991 anapeza kuti amayi atauzidwa mwachidule kafinyidwe kake, pafupifupi theka lokha ndi amene anachita molondola, ndipo mmodzi mwa anayi alionse ankakankhira pansi, zomwe zingawonjezere kudontha. Arnold Kegel mwini, dokotala amene anafalitsa mafizowa mu 1948, ankapima odwala ake ndi chala komanso ndi kachipangizo koyezera mphamvu.

Minofu yofooka

Apa thandizoli limagwira ntchito mosakayikitsa. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain amati mayi wodontha mkodzo potsokomola, poyetsemula kapena ponyamula katundu ayambe ndi mafizo oyang'aniridwa kwa miyezi yosachepera 3 asanaganize za opaleshoni, ndipo azifinya maulendo osachepera 8, katatu patsiku.

Kachitidwe kake n'kotere. Tsekani kumbuyo ngati mukugwira mpweya woipa pagulu, kenako kokerani kutsogolo ndi m'mwamba ngati mukugwira mkodzo. Gwirani masekondi amene anakuyezani; ngati anapeza 4, yambani ndi 4, osati 10. Masulani kotheratu, pumulani masekondi ofanana kapena oposerapo, bwerezani maulendo 8 mpaka 10. Mukatha onjezani kufinya kofulumira 10, sekondi imodzi kufinya, sekondi imodzi kumasula. Masabata oyamba chitani chogona, kenako chokhala pampando, kenako choimirira, chifukwa mkodzo sudontha muli pamphasa, umadontha muli chilili. Sabata iliyonse kapena awiri onjezani sekondi imodzi mpaka mufike 10.

Zolakwika n'zodziwika. Kugwira mpweya kumakankhira mimba pansi pa minofu yomwe mukufuna kukweza, choncho werengani mokweza mawu pofinya. Munthu sangawerenge atagwira mpweya. Kufinya matako ndi kuphatikiza ntchafu kumanamiza kuti ntchito ikuchitika pamene mkati muli zii. Kuimitsa mkodzo pakati pokodza tsiku ndi tsiku kumasokoneza chikhodzodzo n'kusiya mkodzo wotsalira. Ndipo kufinya maulendo mazana patsiku pofuna kufulumiza kumangotopetsa minofu, madzulo n'kudontha koposa m'mawa.

Luso limene amayi amaona phindu lake msanga ndi kufinya musanatsokomole kapena kuyetsemula: mukamva chifuwa kapena chiyetsemulo chikubwera, finyani kaye, gwirani mpaka chidutse. Ambiri amaona kusintha m'sabata imodzi, minofu isanakule n'komwe. Katswiri wodziwa moyo wa kuno amalitengera lusoli pa ntchito zenizeni. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Pochinyamula, pindani mawondo, chiyandikizeni kuthupi, finyani, tulutsani mpweya pamene mukudzuka, ndipo wina akusenzeni m'malo mochikweza nokha kumutu. Ngati chiberekero chayamba kutsika, maulendo awiri a malita 10 ndi abwino kuposa umodzi wa 20. Chimodzimodzi ndi mtolo wa nkhuni, thumba la chimanga ndi kusinja. Amene amangonena kuti "musamanyamule zolemera" kwa mayi amene mjigo uli patali sanamuthandize.

Pa kutsika kwa chiberekero kapena kwa makoma a njira yoberekera, tisanamizane. Mafizo amachepetsa kulemera ndi kukoka kumene mayi amamva ngati chotsikacho sichinapitirire pakhomo. Kafukufuku wotchedwa POPPY, wa amayi 447, wofalitsidwa mu 2014, anaonetsa kuti maulendo 5 kwa katswiri m'masabata 16 anachepetsa zizindikiro kuposa kungolandira pepala la malangizo. Koma chiberekero chimene chatulukira kunja sichibwerera ndi kufinya. Pamenepo pamafunika dokotala wa amayi, mwina kuika mphete yochirikiza yotchedwa pessary, imene imachotsedwa ndi kuonedwa pasanathe miyezi 6, mwina opaleshoni.

Mayi amene mkodzo umam'bwerera mwadzidzidzi mpaka kulephera kufika kuchimbudzi amaphunzitsidwa china kwa masabata osachepera 6. Mkodzo ukakupanikizani musathamange: imani kapena khalani pansi, finyani mofulumira maulendo 5, dikirani mphamvu yake itsike, kenako yendani modekha. Nthawi ya pakati pa maulendo muziitalikitsa ndi mphindi 15 sabata iliyonse mpaka ifike maola 3. Chepetsani tiyi, khofi ndi Coca-Cola, koma madzi musasiye; malita 1.5 mpaka 2 patsiku. Amayi ambiri amadzimana madzi poopa kunyowa pa minibasi kapena kutchalitchi, ndiye mkodzo umakhala wowawa, chikhodzodzo n'kumanyerenyetsa koposa, kudzimbidwa n'kuwonjezeka.

Ululu

Gawo ili ndi limene thandizoli limasiyana kwambiri ndi malangizo a m'misewu, ndipo ndi limene amayi amavutika nalo zaka zambiri mwakachetechete. Thupi likamva kuwawa kumaliseche, kaya ndi chipsera cha pobereka, matenda, kuuma kwa nthawi yoyamwitsa kapena yosiya kusamba, kaya kugwiriridwa, minofu imadzitseka yokha podziteteza. Ulendo wotsatira mayi amayembekezera ululu, minofu imatseka msanga, kulowa kumawawa koposa, mantha n'kukula. Chimene chinayambitsa chikhoza kupola, koma kutsekako n'kutsalira. Ena amafika poti ngakhale chala sichilowa, vuto lotchedwa vaginismus. Si mwano kwa bambo, si kulodzedwa, ndipo kuuzidwa kuti "mungopirira, muzolowera" kumakulitsa vutoli.

Mayi wotere sapatsidwa kufinya poyamba. Amaphunzira kumasula. Amagona chagada, miyendo pa pilo, dzanja limodzi pamimba. Akamakoka mpweya ndi mphuno kwa masekondi 4, mimba ndi nthiti zam'munsi zimafutukuka, ndipo pansi pa chiuno pamatsika pang'ono n'kutambasuka. Potulutsa kwa masekondi 6 amangosiya, osafinya. Mphindi 5 mpaka 10, kawiri patsiku. Amawonjezera kutambasula: kugwada n'kukhalira zidendene mawondo atatalikirana, chifuwa pansi; kugona chagada n'kukokera mawondo kukhwapa; kunjuta atatsamira khoma. Chilichonse masekondi 30 mpaka 60, akupuma mpweya bwinobwino.

Kuchipatala katswiri amasindikiza pang'onopang'ono timalo touma tija ndi chala, n'kugwira mpaka tifewe, komanso amafewetsa chipsera chikapola. Muyezo wabwino ndi wakuti pa sikelo ya ululu ya 0 mpaka 10 musapitirire 3 kapena 4. Ngati mukuluma mano ndi kugwira bedi, nenani asiye, chifukwa ululu waukulu umaphunzitsa minofu kutseka, zomwe mwabwerera kudzathetsa. Kwa amene kulowa n'kovuta pali madilator, timitengo tosalala tapulasitiki kapena silikoni tosiyana kukula, kuyambira kochepa ngati chala. Mayi amalowetsa yekha kunyumba ndi mafuta oterera ambiri, pamene akutulutsa mpweya, n'kukasiya mphindi 10, maulendo atatu kapena anayi pasabata. Amapita pa kokulirapo pokhapokha kakang'ono kakamalowa popanda ululu. Kudumpha saizi ndi kumene kumabwezera anthu m'mbuyo. Kumene madilator sapezeka, chala choyera chodula chikhadabo chimayambitsa ntchito yomweyo.

Mafuta ake akhale oterera opangidwa ndi madzi, monga K-Y Jelly. Vaseline ndi mafuta ophikira amaboola kondomu. Mankhwala ouika kumaliseche kuti kuume kapena kuthine, a zitsamba ngakhale ogulitsidwa pa intaneti, amatupitsa ndi kung'amba khungu. Kuthina kwake ndi kutupa, osati mphamvu ya minofu. Kutsuka mkati ndi sopo n'chimodzimodzi. Ndipo katswiri wabwino amapempha kuti bambo abwere ulendo umodzi. Bambo akamva kuchokera kwa wachipatala kuti pakufunika masabata angapo osalowa, nkhani imayenda mosiyana ndi pamene mayi akufotokoza yekha kunyumba, pomwe angaganiziridwe zina.

Kudzimbidwa kumayendera limodzi ndi zonsezi. Pano chimbudzi chokumba chili ndi ubwino wake: kunjuta kumaika mawondo pamwamba pa chiuno, mnofu wozungulira thumbo umamasuka, chimbudzi n'kutuluka osachima. Wogwiritsa ntchito chimbudzi chokhalira aike njerwa kapena kampando pansi pa mapazi, aweramire kutsogolo, atupitse mimba. Nyemba, masamba, papaya, mgaiwa ndi madzi zimathandiza kwambiri.

Zimene mafizo sangachize

Katswiri amene timamukhulupirira amadziwa pokubwezani kwa dokotala. Magazi potha kugonana, magazi mutasiya kale kusamba, kapena chikazi chonunkha zimafuna kupimidwa khomo la chiberekero msanga, chifukwa Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa imeneyi ili yochuluka zedi. Ululu wa m'chinena wobwera ndi kutentha thupi ukhoza kukhala matenda opatsirana pogonana amene akwera mkati. Mayi wochapa, kusamba kapena kutunga madzi m'nyanja, m'madambo ndi m'minda ya mpunga, monga ku Mangochi, Salima, Nkhotakota kapena ku Chigwa cha Shire, afunsidwe za likodzo: mazira ake amakhala m'khomo la chiberekero ndi m'njira yoberekera, n'kumayambitsa ululu ndi magazi, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Ululu woopsa wa nthawi yosamba umene umalepheretsa ntchito ukhoza kukhala endometriosis, matenda amene minofu yonga ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwa chiberekerocho. Mafizo amathandiza minofu yokungika chifukwa cha matendawa, koma matendawo amafuna dokotala. Dzanzi pakati pa miyendo lobwera ndi msana wowawa ndi kulephera kukodza ndi ngozi yofunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Mkodzo kapena chimbudzi chongotuluka usana ndi usiku osaleka, chitayamba pambuyo pa uchembere wovuta, ndi fistula. Pali bowo, ndipo kufinya sikutseka bowo. Ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo othandizira matendawa mwaulere, ogwira ntchito ndi bungwe la Freedom From Fistula. Mafizo amabwera pambuyo pa opaleshoni, kwa amene bowo latsekeka koma mkodzo ukudonthabe.

Amayi oyembekezera omva kuwawa pa fupa la pachinena kapena kumbuyo kwa chiuno amapindula ndi zinthu zing'onozing'ono: pilo pakati pa mawondo pogona, mawondo pamodzi podzuka pabedi, kuvala atakhala pansi m'malo moima ndi mwendo umodzi, ndi lamba kapena chitenje chopinda chomangidwa pa mafupa a chiuno, pansi pa mimba. Mukabereka, kufinya kofatsa kukhoza kuyamba masiku oyamba ngati chubu cha mkodzo chachotsedwa, koma kupima mkati kumadikira masabata 6. Amene anang'ambika mpaka kotulukira chimbudzi apemphe okha kalata yopita ku mafizo. Asadikire kuti ayambe kudziipitsira.

Za makina tinene mwachidule, poti zipatala zolipira zimawatamanda. Biofeedback, makina oonetsa pa kompyuta mphamvu imene mukufinya, amathandiza amene sakumva minofu yake, koma kafukufuku wotchedwa OPAL wa amayi 600, wofalitsidwa mu 2020, sanapeze kusiyana patatha zaka 2 pakati pa amene anawagwiritsa ntchito ndi amene anangochita mafizo oyang'aniridwa. Magetsi odzutsa minofu ndi a mayi amene ali pa 0 kapena 1 pa sikelo ya Oxford ija, osati woyembekezera kapena wokhala ndi kachipangizo ka mtima. Musalipire zambiri chifukwa cha makina.

Pofooka pa thandizoli ndi kapezekedwe kake. Madipatimenti a mafizo alipo ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central ndi Mzuzu Central, ndipo digiri ya mafizo inayamba ku College of Medicine mu 2010, sukulu yomwe lero ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS). Koma ntchito yambiri ya mafizo ndi ya sitiroko, mafupa othyoka ndi ana olumala, ndipo kupima mkati kumafuna maphunziro apadera amene si onse anachita. Mafizo ambiri amachitikiranso m'chipinda chachikulu chogawa ndi makatani, pomwe nkhani za kuchipinda sizingakambidwe momasuka. Choncho musanakwere galimoto funsani zinthu zitatu: alipo amene anaphunzira za minofu ya pansi pa chiuno, amapima mkati, ndipo pali chipinda chotseka? Kuchipatala cholipira funsaninso ngati ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Tengani buku lanu la kuchipatala, kalata ya dokotala kapena mzamba, kaundula wa mkodzo wodzaza kale, ndi chitenje.

Kwa wochokera kutali, maulendo a sabata iliyonse safunika pa minofu yofooka. Ulendo woyamba, wachiwiri patatha masabata awiri kuti aone ngati mukufinya molondola, kenako kamodzi pamwezi n'zokwanira, bola ulendo uliwonse akupimeninso ndi kulemba manambala atsopano m'buku. Ululu umafuna maulendo oyandikana pachiyambi. Miyezi 3 ikatha mukuchita mokhulupirika koma kaundula wa mkodzo sanasinthe, kapena miyezi 4 pa chiberekero chotsika, pemphani kuti akupimeninso kafinyidwe, ndipo ngati kali bwino akulembereni kalata yopita kwa dokotala wa amayi, manambala a ulendo woyamba ndi womaliza ali pomwepo.